ZA UMOYO: Mankhwala okulitsa minofu ndi zimene anacita kwa osewela baseball ku America

M'caka ca 1998 anthu a ku America anali kukamba za amuna awili, Mark McGwire wa timu ya St. Louis Cardinals ndi Sammy Sosa wa Chicago Cubs. Amunawa anali kupikisana kuti apitilile ciwelengelo cimene cinakhala zaka 37 popanda wocifikako m'masewela a baseball. Onse awili anacipitilila, ndipo mabwalo anali kudzala kulikonse kumene anapita. Patapita zaka 12, mu January 2010, McGwire anavomela pa TV, misozi ili m'maso, kuti anali kusewenzetsa mankhwala ochedwa ma steroid, ngakhale m'caka ca 1998 comweco.

Masewela a baseball ndi acilendo kwa anthu ambili mu Zambia, koma mankhwalawa alibe malile. Amagulitsidwa mobisa m'malo onyamulila nsimbi m'maiko ambili, ndipo mnyamata aliyense wa m'komboni amene ali ndi foni angathe kuwaona akutsatsidwa pa intaneti. Phunzilo lino lifotokoza zimene mankhwalawa ali, zimene zinacitika ku America, ndi zimene amacita m'thupi la munthu.

Masewela ake ndi otani?

Pa baseball pamakhala matimu awili, iliyonse ya osewela 9. Wosewela wa timu imodzi amaponya kampila kolimba, ndipo wa timu ina amayesa kukamenya ndi ndodo yamtengo. Akakamenya amathamanga kuzungulila malo anai oikidwa m'bwalo. Kampila kakamenyedwa mwamphamvu mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, womenyayo amazungulila popanda womuletsa. Kumenya kotele amati home run, ndipo ndiko kumene oonelela amakonda kopambana.

Ligi yaikulu, yochedwa Major League Baseball, ili ndi matimu 30. Timu iliyonse imasewela kokwana 162 pa caka, pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi 6. Thupi limalema ndipo limavulala. Wosewela amene ali ndi mphamvu zambili, amenenso kulema kumamutha msanga, amakhala patsogolo pa anzake, ndipo malipilo ake amakwela. Mu December 2000, Alex Rodriguez anasaina pangano la madola 252 miliyoni pa zaka 10.

M'caka ca 1961 Roger Maris wa New York Yankees anamenya ma home run 61 pa caka cimodzi. Panalibe wina anafikapo kufikila 1998, pamene McGwire anamenya 70 ndipo Sosa 66. M'caka ca 2001 Barry Bonds wa San Francisco Giants anamenya 73. Pa zaka zinai cabe, ciwelengelo ca Maris cinapitililidwa kasanu ndi kamodzi ndi amuna atatuwa. Ligi itayamba kupima osewela, panalibenso wina anapitilila 61 kufikila 2022, pamene Aaron Judge anamenya 62.

Kodi ma steroid ndi ciani?

Thupi la mwamuna limapanga lokha madzi amphamvu ochedwa testosterone. Amapangidwa m'macende ndi kulowa m'magazi. Ndi amene amacititsa mnyamata akatha msinkhu kumela ndevu, kukulitsa mau, kukula minofu ndi kuyamba kupanga umuna. Thupi la mkazi limapanganso, koma pang'ono cabe.

M'caka ca 1935 akatswili anapeza njila yopangila testosterone m'fakitale. Kucokela pamenepo panapangidwa mankhwala ambili ofanana naye, monga nandrolone, stanozolol ndi Dianabol. Onsewa amachedwa anabolic steroid, kutanthauza kuti amamanga minofu. Ena ndi mapilisi, ena ndi olasa ndi nyeleti, ndipo ena ndi odzola. Ena, monga boldenone, ndi mankhwala a ziweto.

Kucipatala mankhwalawa ali ndi nchito yake. Dokotala angapatse mwamuna amene thupi lake silipanga testosterone wokwana, mnyamata amene wacedwa kwambili kutha msinkhu, munthu wakupsa kwambili ndi moto, kapena wodwala amene waonda koopsa. Amapatsidwa pa muyezo, ndipo magazi ake amapimidwa kawili-kawili. Amene amafuna cabe kukula thupi amatenga muyezo woculuka kakhumi kapena kufika ka 100 kuposa wa kucipatala, ndipo nthawi zambili amasakaniza mitundu iwili kapena itatu.

Kodi amagwiladi nchito?

Inde, amagwila. Kuuza mnyamata kuti mankhwalawa alibe mphamvu ndi kumunamiza, ndipo akazindikila sadzamvelanso cenjezo lina lililonse. M'caka ca 1996 madokotala a ku America anafalitsa zimene anapeza pa amuna 43 amene anawagawa m'magulu anai kwa milungu 10. Amene anali kunyamula nsimbi cabe anaonjezela minofu ya makilogilamu pafupifupi 2. Amene anali kulasidwa testosterone koma osanyamula nsimbi anaonjezela makilogilamu 3. Amene anacita zonse ziwili anaonjezela makilogilamu 6.

Ndiye cifukwa cake kuwasewenzetsa pa mpikisano ndi cinyengo. Wosewela amene safuna kuononga thupi lake amatsala kumbuyo, ndipo malo ake pa timu amatengedwa ndi mnzake wa mankhwala.

Mmene cinsinsi cinaululikila

Boma la America linakhwimitsa lamulo la ma steroid m'caka ca 1990, kotelo kuti kukhala nawo popanda cilolezo ca dokotala unali mlandu. M'caka ca 1991 mkulu wa ligi, Fay Vincent, analembela matimu onse kalata yowaletsa. Koma panalibe kupima, pakuti bungwe la osewela silinagwilizane nazo. Eni matimu naonso sanalimbikile. Sitalaka ya osewela ya 1994 inali itathamangitsa oonelela ambili, ndipo ma home run ndi amene anali kuwabweza.

Mu August 1998 mtolankhani wina anaona botolo la androstenedione pamalo posungila zovala za McGwire. Mankhwalawa akalowa m'thupi amasanduka testosterone. Panthawiyo anali oletsedwa ku masewela a Olympics, koma ku baseball anali ololedwa ndipo anali kugulidwa m'sitolo. Anthu ambili anakalipila mtolankhaniyo m'malo mofunsa wosewelayo.

Woyamba kuulula poyela anali Ken Caminiti, amene anasankhidwa kukhala wosewela wopambana m'cigawo cake ca ligi m'caka ca 1996, ali ku San Diego Padres. M'caka ca 2002 anauza magazini ya Sports Illustrated kuti caka cimene anapambanaco anali kusewenzetsa ma steroid. Anafotokozanso kuti macende ake anafota, ndipo madokotala anapeza kuti thupi lake linali litatsala pang'ono kulekelatu kupanga testosterone. Caminiti anamwalila mu October 2004 ali ndi zaka 41. Anafa ndi mankhwala osokoneza bongo, koma opima mtembo anapezanso kuti mtima wake unali wokula mopitilila ndipo mitsempha yake inali yodwala.

M'caka ca 2003 ligi inapima osewela mosachula maina, kuti ione kukula kwa vuto. Oposa 5 pa osewela 100 alionse anapezeka ndi mankhwala, ngakhale kuti anadziwilatu kuti adzapimidwa. Mu September caka comweco akuluakulu a boma anafufuza kampani ya BALCO ku California. Kampaniyi inali kupatsa osewela steroid watsopano wochedwa THG, amene anapangidwa dala kuti asamaoneke mu mkodzo. Anadziwika cifukwa mphunzitsi wina wa othamanga anatumiza jekeseni yotsalila mankhwalawo kwa opima. Mlandu womwewo unagwetsa Marion Jones, wothamanga amene analandidwa mamendulo 5 a ku Sydney a 2000 ndi kupatsidwa cilango ca miyezi 6 m'ndende cifukwa ca kunama.

Kunenezana ndi kukana

Mu February 2005 Jose Canseco, amene anali atasiya kusewela, anatulutsa buku lochedwa Juiced. M'bukumo anavomela za iye mwini ndi kuchula anzake amene anati anali kulasana nawo. Ambili anamunena kuti ndi wabodza wofuna ndalama.

Pa 17 March 2005 aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington anaitana osewela kuti ayankhe atalumbila. McGwire anakana kukamba zakale. Sosa anakana kuti sanasewenzetsepo. Rafael Palmeiro analoza cala kwa aphungu ndi kukanitsitsa. Mu August caka comweco Palmeiro anaimitsidwa masiku 10 atapezeka ndi stanozolol, mankhwala amodzimodzi amene analanditsa Ben Johnson mendulo ya golide ku Seoul m'caka ca 1988.

Pa 13 December 2007 George Mitchell, amene kale anali phungu, anatulutsa lipoti la masamba 409 limene ligi inamupempha kulemba. Linachula osewela 89. Linanenanso kuti timu iliyonse pa matimu 30 aja inakhalapo ndi wosewela wokhudzidwa. Motelo panalibe timu imene ikanaloza inzake cala.

Si onse ochulidwa amene anapezeka olakwa ku khoti. Roger Clemens, katswili woponya, anaimbidwa mlandu wa kunamiza aphungu, koma khoti linamumasula m'caka ca 2012. Bonds anati sanadziwe kuti zimene anali kupatsidwa ndi ma steroid. M'caka ca 2011 anapezeka wolakwa pa mlandu umodzi wa kusokoneza cilungamo, koma khoti lalikulu linafafaniza cigamuloco m'caka ca 2015. Ngakhale ndi telo, m'caka ca 2022 awiliwa analephela kupeza mavoti 75 pa 100 ofunika kuti maina awo alowe m'nyumba yolemekezela akatswili ku Cooperstown.

Ena anakana poyamba ndi kuvomela pambuyo pake. Rodriguez anavomela m'caka ca 2009 kuti anasewenzetsa kuyambila 2001 mpaka 2003, ndipo anati anali kufuna kuonetsa kuti ayenela ndalama zija. Anagwidwanso pa mlandu wina ndipo anaimitsidwa caka conse ca 2014. Ryan Braun anapambana apilo m'caka ca 2012, naika cikaiko pa munthu amene ananyamula mkodzo wake. Caka cotsatila analandila cilango ca masewela 65, ndipo anapepesa.

Kuyambila 2014 cilango ndi masewela 80 pa mlandu woyamba, 162 pa waciwili, ndi kucotsedwelatu pa wacitatu. Komabe mu August 2022 Fernando Tatis Jr. wa San Diego Padres anaimitsidwa masewela 80 atapezeka ndi clostebol.

Zimene mankhwalawa amacita m'thupi

Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu mkati muli nyelele. Minofu imaoneka kunja, koma ziwalo zimene zimaonongeka zili mkati.

1. Mtima ndi mitsempha. Mtima nawo ndi mnofu. Ukakula mopitilila umalimba ndipo umalephela kupopa bwino magazi. Mafuta oipa amaculuka m'magazi, abwino amacepa, ndipo BP imakwela. Munthu angadwale mtima kapena sitoloko akali wacicepele. Ku Denmark madokotala anatsatila amuna 545 amene anapezeka ndi ma steroid m'malo onyamulila nsimbi. Imfa pakati pawo zinali zoculuka katatu kuposa pakati pa amuna anzawo a msinkhu umodzi.

2. Ciwindi ndi impso. Maka-maka mapilisi ndi amene amaononga ciwindi. Maso amasanduka acikasu, mkodzo umada, thupi limayabwa, ndipo nthawi zina m'ciwindi mumamela zotupa. Impso nazonso zingaonongeke.

3. Kubeleka kwa mwamuna. Ubongo ukaona kuti testosterone waculuka m'magazi, umaleka kutuma macende kuti apange. Macende amafota ndipo mbeu za umuna zimacepa kapena kusowelatu. Izi ndi zimene zinacitikila Caminiti. Kwa ambili thupi limabwelela pakapita miyezi kapena caka, koma kwa ena silibwelela bwino.

4. Maonekedwe. Thupi limasandutsa testosterone wotsala kukhala madzi acikazi, ndipo mwamuna amamela mabele. Mabelewa akakhalitsa amacoka ndi opaleshoni cabe. Ziphuphu zimadzala kumaso, pacifuwa ndi kumsana. Dazi limabwela msanga.

5. Akazi. Mau amakula ngati a mwamuna, ndevu zimamela, ndipo kumwezi kumasokonezeka kapena kuleka. Mau akasintha nthawi zambili sabwelelanso. Mkazi wapakati angavulaze mwana ali m'mimba.

6. Anyamata amene akali kukula. Mafupa amakula kumapeto kwake. Ma steroid amatseka malo amenewa nthawi isanakwane, ndipo mnyamata amakhala wamfupi moyo wake wonse.

7. Mitsipa. Minofu imakula msanga kuposa mitsipa imene imailumikiza ku mafupa, ndipo mitsipayo ingaduke ponyamula colemela.

8. Maganizo. Ena amakhala aukali, ocita ndeu ndi osagona. Akaleka mankhwala amafooka, amataya cilakolako ca mkazi, ndipo amagwidwa ndi cisoni cacikulu cimene cingatenge miyezi.

9. Nyeleti. Kubwelekana nyeleti kumapatsilana kacilombo ka HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B ndi C. Nyeleti yakuda imabweletsa zithupsa zakuya. Komanso mankhwala ogulidwa mobisa kawili-kawili sakhala zimene zalembedwa pa botolo.

Ana amatengela akulu

Pa tsiku lija la 17 March 2005, osewela asanalankhule, aphungu anamva kaye makolo. Mmodzi anali tate wa ku Texas amene mwana wake wa zaka 17 anali kusewela baseball pa sukulu ya sekondale. Mnyamatayo anauzidwa kuti afunika kukula thupi kuti apeze malo pa timu, ndipo anayamba ma steroid mobisa. Anamela ziphuphu kumsana ndipo anayamba ukali wacilendo. Ataleka mankhwalawo anagwidwa ndi cisoni cacikulu, ndipo mu July 2003 anadzipha. Tateyo anauza osewela aja kuti ana amawaona ngati citsanzo, kaya afune kapena asafune.

Makolo a mnyamatayo anaona zizindikilo zonsezo, koma panthawiyo sanadziwe tanthauzo lake.

Pali ma steroid a mtundu wina

Wodwala akamva kuti mankhwala amene wapatsidwa ku kiliniki ndi steroid, asacite mantha. Prednisolone, dexamethasone, hydrocortisone ndi mankhwala ena opopela mkamwa a asima ndi a banja lina, lochedwa corticosteroid. Nchito yawo ndi kucepetsa kutupa. Samanga minofu, ndipo amapulumutsa miyoyo akasewenzetsedwa monga mwa malangizo. Munthu amene wamwa prednisolone kwa milungu ingapo sayenela kuleka mwadzidzidzi. Muyezo umacepetsedwa pang'onopang'ono ndi a cipatala, cifukwa kuleka kamodzi kungagwetse BP mpaka kupha.

Ngozi imabwela pamene mankhwalawa agulidwa pamsika. Ena amamwa dexamethasone kuti anenepe. Cimene cimaonjezeka ndi madzi ndi mafuta: nkhope imatupa, mimba imakula, koma miyendo ndi manja zimaonda. Pambuyo pake pamabwela matenda a shuga, BP, kufooka kwa mafupa, ndi kucepa kwa citetezo ca thupi, cimene cingadzutse TB. Mafuta ena oyeletsa khungu ali ndi clobetasol kapena betamethasone. Amapyapyalitsa khungu, amasiya mizela, ndipo zilonda zimacedwa kupola. Mu Zambia bungwe la ZAMRA ndilo limapeleka cilolezo ca mankhwala, ndipo malo oyenela kugulako ndi famase yolembetsedwa.

Zimene banja lingacite

Kunyamula nsimbi pakokha ndi kwabwino, ndipo mnyamata sayenela kuletsedwa. Minofu yeniyeni imabwela pang'onopang'ono, ndi kulimbitsa thupi, tulo tokwana, ndi zakudya monga kapenta, nyemba, nshawa, soya, mazila ndi mkaka pamodzi ndi nsima.

Makolo ayenela kuchela khutu ngati aona izi zabwela pamodzi: thupi lakula kwambili pa miyezi iwili kapena itatu, ziphuphu zadzala kumsana, mabele atupa kapena apweteka, ukali wayamba popanda cifukwa, kapena m'cipinda mwapezeka mabotolo, mapilisi ndi nyeleti zosadziwika. Cizindikilo cimodzi pacokha si umboni, pakuti ziphuphu ndi kutupa pang'ono kwa mabele zimacitika kwa anyamata ambili akatha msinkhu.

Mwana afunsidwe mofatsa, pa awili, osati pamaso pa anzake. Womenyedwa kapena wocititsidwa manyazi amangobisa kwambili. Botolo kapena paketi itengedwe ku kiliniki kuti a cipatala aone dzina lake. Kumeneko adzapima BP, ndipo ngati kufunika adzamutumiza ku cipatala cacikulu kukapima magazi, ciwindi ndi mtima. Wodwala auze a cipatala zoona za mtundu wa mankhwala, muyezo ndi nthawi imene wasewenzetsa, cifukwa thandizo limadalila pa zimenezo. Amene anabwelekanapo nyeleti apimidwe HIV ndi hepatitis.

Miyezi yoyamba munthu ataleka ma steroid ndi imene afunika kuyang'anilidwa kwambili. Ngati aleka kudya, adzitsekela m'nyumba, kapena akamba za kufa, asasiyidwe yekha ndipo apelekedwe ku cipatala tsiku lomwelo. Cimodzimodzinso ngati amva kupweteka pacifuwa, kubanika, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena maso asanduka acikasu.

Wosewela mpila, wankhonya kapena wothamanga amene afuna kupikisana kunja kwa dziko adziwe kuti malamulo a bungwe la WADA, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1999, amakhudzanso osewela a mu Zambia. Pa malamulo amenewo wosewela ndiye amayankha pa ciliconse copezeka mu mkodzo wake, ngakhale atanena kuti anacita kupatsidwa ndi mphunzitsi kapena mnzake. Cilango ca ma steroid cimafika zaka 4. Conco asanamwe ufa kapena mapilisi alionse olimbitsa thupi, ayambe waonetsa a cipatala.